Unduna ndi Manda a Wogonja pa Chisankho

Chisankho cha pulezidenti chikatha, pamatsatira mwambo wina umene udazika mizu m'ndale za ku Malawi. Wopambana amatambasula dzanja, wogonja amalilandira, ndipo posakhalitsa munthu amene dzulo lomweli amadzudzula boma pa misonkhano amaoneka akulumbira ngati nduna. Omutsatira amati mtsogoleri wawo wachenjera: akaphunzira kayendetsedwe ka boma, akasonkhanitsa mphamvu, ndipo chisankho chotsatira adzachitenga mosavuta. Mbiri ikutsutsa chiyembekezo chimenechi. Akuluakulu adati mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi.

Mu 1994 a Chakufwa Chihana adakhala achitatu pa mpikisano wa upulezidenti, koma chipani chawo cha AFORD chidapata mipando 36 m'Nyumba ya Malamulo, kuphatikizapo yonse ya chigawo cha kumpoto. A Bakili Muluzi, amene aphungu awo adali operewera, adawapatsa unduna komanso udindo wa wachiwiri kwa wachiwiri wa pulezidenti. Pamene a Chihana adatuluka m'boma mu 1996 podandaula za katangale, nduna zina za chipani chawo zidakana kuwatsatira, poti zidali zitalawa kale. Adabwereranso m'bomamo mu 2003, patangotha chaka phungu wa AFORD atapereka bilu yofuna kuchotsa malire a nthawi imene pulezidenti angalamulire. Mu 2004 chipanichi chidatsala ndi mipando 6, mu 2009 umodzi wokha.

A Gwanda Chakuamba, amene adagonja mu 1999 ndi 2004, adalandira unduna wa zamalimidwe kwa a Bingu wa Mutharika mu 2005. Chakacho chisanathe adachotsedwa, ndipo mphamvu zawo pa ndale sizidabwererenso. A Atupele Muluzi adapeza mavoti pafupifupi 14 pa 100 alionse mu 2014, kenaka adalowa m'gulu la nduna za a Peter Mutharika. Mu 2019 adaimanso polimbana ndi bwana wawo yemweyo. Malinga ndi zotsatira zimene zidalengezedwa, zomwe khoti lidazithetsa mu 2020, mavoti awo sadafike 5 pa 100, ndipo mpando wawo wa uphungu wa kumpoto chakummawa kwa Machinga udawapulumuka.

Chifukwa chake sichobisika. Malamulo oyendetsera dziko amapatsa pulezidenti mphamvu zosankha ndi kuchotsa nduna, choncho wogonja akalowa m'boma, tsogolo lake limakhala m'manja mwa munthu yemwe akufuna kudzamulanda mpando. Ntchito ikayenda bwino, ulemu umapita kwa pulezidenti. Mankhwala akasowa m'zipatala kapena feteleza akachedwa, nkhope imene anthu amaiona ndi ya nduna. Pakamwa pamene pakutafuna sipangadzudzule wophika, ndipo pa kampeni yotsatira funso la ovota limakhala limodzi: ngati boma lidali loipa chotere, mumatani m'menemo zaka zonsezi? Pamenepo chipani chimakhala chitafooka kale, chifukwa akuluakulu ake azolowera galimoto za boma pomwe nthambi za kumidzi zidaiwalika.

Oikira kumbuyo mwambowu amati mutu umodzi susenza denga. Zoona, pali nthawi imene kugawana maudindo kumapulumutsa miyoyo. Ku Zimbabwe, ziwawa za mu 2008 zitachitika, a Morgan Tsvangirai adavomera kukhala nduna yaikulu mu 2009, ndipo chuma chidapumako. Koma munthu amene adaposa a Robert Mugabe m'gawo loyamba la chisankho cha 2008 adapeza mavoti 34 okha pa 100 mu 2013, ngakhale kuti iwo adakana zotsatirazo. Kulowa m'boma motere ndi nsembe, ndipo kuyenera kutchulidwa choncho. Si makwerero opitira ku nyumba yachifumu. Komanso ku Malawi kudalibe nkhondo mu 2005 kapena mu 2014 imene ikadafuna nsembe yotere.

Ena amaloza kutali, ku Indonesia, kumene a Prabowo Subianto adagonja mu 2014 ndi 2019, n'kukhala nduna ya zachitetezo, kenaka n'kupambana mu 2024. Koma a Joko Widodo, amene adawagonjetsa kawiri konseko, malamulo sankawalola kuimanso, ndipo mwana wawo ndiye adali wachiwiri wa a Prabowo. Chidawakweza ndi chifuniro cha wolamulira, ndipo chifuniro chotere sichidalirika.

Ena amene adagonja n'kudzapambana m'maiko athu ano adapirira kunja. A Michael Sata ku Zambia adagwa katatu asanapambane mu 2011. A Hakainde Hichilema adagwa kasanu, adalowako m'ndende mu 2017, koma adapambana mu 2021. A Lazarus Chakwera adatsogolera mbali yotsutsa boma kuyambira mu 2014 mpaka pamene adapambana mu 2020.

Wotaya kwambiri pa malonda amenewa ndi wovota. Adaima pa mzere dzuwa likuswa mtengo kuti akane boma, koma voti yake idasanduka malowolo a ukwati umene sadafunsidwe. Dziko limene aliyense wogonja amathamangira ku mphika limatsala lopanda woyang'anira mphikawo. Wogonja amene akufunadi kudzalamulira adziwe kuti kutsutsa boma nakonso ndi udindo umene anthu adamupatsa, ndipo akautaya, anthuwo sadzamupatsanso wina.