Osalinamiza buku la kuchipatala

Ambiri a inu mumadandaula kuti mukafika pachipatala anamwino amayamba ndi mafunso m'malo mwa mankhwala: dzina, zaka, mudzi kapena bairo, tsiku limene matenda anayamba. Ena mumati n'kutaya nthawi. Ine ndikuti mafunso amenewa ndi mbali ya chithandizo.

Zimene mwayankha zimalembedwa m'buku lalikulu. Sabata iliyonse chipatala chimawerengetsa odwala malungo, kutsegula m'mimba, kamwazi, chikuku ndi kolera, n'kutumiza lipoti lotchedwa Boletim Epidemiológico Semanal ku distrito, kenaka ku Tete mpaka ku Unduna wa Zaumoyo ku Maputo. Akuluakulu akamagawa Coartem, zoyezera malungo ndi maneti, amayang'ana manambalawo. Mudzi umene sukuoneka m'buku umayesedwa kuti uli bwino.

Kumbukirani kolera ya 2015 imene inavuta mumzinda wa Tete ndi kuno ku Moatize. Mliri wotere umazindikirika pamene anthu angapo a dera limodzi afika ndi matenda ofanana m'masiku ochepa. Azaumoyo akatero amadziwa chitsime choyenera kuthiramo klorini ndi mudzi woyenera kuuchenjeza. Koma ngati wodwala watchula mudzi wabodza, thandizo limapita kolakwika.

Vutoli ndi lalikulu ku Zóbuè. Abale athu ali mbali zonse ziwiri za malire, ndipo ena amakalandira mankhwala ku Mwanza, enanso a ku Malawi amabwera kuno. Poopa kubwezedwa, munthu amatchula mudzi wa azakhali ake. Matenda safuna pasipoti. Kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 ku Malawi, ndipo msewu wa N7 umatilumikiza usana ndi usiku. Nenani kumene mumagona ndi kumene mumatunga madzi.

Inu a ku Moatize, chiyambire kukumba malasha kwakukulu mu 2011 mumalankhula za fumbi ndi chifuwa. Koma mukamangogula mapilitsi pamsika, chifuwacho sichilembedwa paliponse. Mawa mukadzafunsa ngati ana akudwala kuposa kale, umboni udzachoka kuti? Komanso chifuwa chopitirira sabata ziwiri chikhoza kukhala TB, imene amayeza ndi kuchiza ulere.

Ndikudziwa kuti ena amaopa kuti zinsinsi zawo ziululika, makamaka pa nkhani ya HIV. Mantha amenewa ndi omveka. Dziwani kuti lipoti la sabata limanyamula manambala, osati mayina, ndipo wazaumoyo aliyense ali ndi udindo wosunga chinsinsi chanu. Nawonso azaumoyo tikuwapempha kuti azitiuza zimene manambalawo akusonyeza, kudzera mwa anyakwawa ndi pa wailesi yathu ino.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Pitani kuchipatala msanga, tengani khadi lanu, ndipo yankhani zoona.