Madzi Otsukirawo Mukawataya Kuti?

Nkhani ya sopo wa mabakiteriya yawakomera m'makutu akuluakulu oona zachilengedwe, koma ine ikundiyabwa. Mwamva kale mmene akuifotokozera. Akuti asayansi apeza njira yotsukira nthaka imene yalowa poizoni wa aseniki pogwiritsa ntchito thovu lopangidwa ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, ndiye poti n'zachilengedwe, vuto latha, tiwombe m'manja. Manjawo musawombe kaye.

Sopoyo alipodi, sindikukana. Kabakiteriya kotchedwa Pseudomonas aeruginosa kakadya mafuta kapena shuga kamatulutsa timadzi toterera totchedwa rhamnolipid, ndipo asayansi anatidziwa kalekale mu 1949. Kanzake, Bacillus subtilis, kamapanga surfactin, amene ofufuza a ku Japan anamupeza mu 1968. Sopo wotereyu amawola yekha m'nthaka, sakhalitsa ngati mankhwala ena otsukira ochokera kufakitale. Mu 2009 ofufuza a pa yunivesite ya Concordia ku Montreal, m'dziko la Canada, anaonetsa kuti rhamnolipid amatha kukoka aseniki m'dothi lotsalira pa mgodi. Imeneyi ndi ntchito yabwino, ndipo anthu amene anaigwira ndawavulira chipewa.

Chimene akuluakulu athu akuchilumpha n'chakuti aseniki safa. Dizilo akatayikira pansi, mabakiteriya amatha kumudya mpaka kutsala mpweya ndi madzi basi. Aseniki ali m'gulu la chitsulo ndi mtovu, zinthu zimene palibe chamoyo chingaziphwanye. M'nthaka amakakamira ku dzimbiri la m'dothi, ndipo ntchito ya sopoyo ndi kumumatula pamenepo n'kumulowetsa m'madzi. Funsani mayi aliyense wochapa: malaya akayera mbuu, ndiye kuti litsiro lonse lili m'beseni, ndipo madzi a m'besenimo ayenera kukatayidwa penapake.

Ndiye bwana, madzi anu otsukirawo mukawataya kuti? Funsoli ndi limene sindikulimva likuyankhidwa. Ku labotale n'kosavuta. Dothi lili m'paipi ya galasi, sopo akulowa pamwamba, madzi akudontha pansi m'botolo, botololo alembapo chizindikiro cha chigaza n'kulitsekera m'kabati. Kumunda kulibe botolo pansi. Pansi pa munda pali madzi amene timatunga pa mjigo ndi pachitsime. Poizoni amene anali atagona phee m'dothi la pamwamba, mukamudzutsa ndi sopo popanda zitsime zopopera madziwo kuti abwerere kumtunda, mwamuperekeza nokha ku ndowa ya ana anu. Ndipo ngakhale muwapope bwinobwino, muyenera kuwasefa, kenako matope otsalawo, amene tsopano ndi poizoni wokhathamira, muwasunge pamalo osadontha kwa zaka zosawerengeka. Ndalama zake zili pamenepo, osati pa thovu.

Amene akuganiza kuti ndikukokomeza afunse anthu a ku Bangladesh. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970 anakumba mijigo miyandamiyanda pothawa kolera ndi matenda otsekula m'mimba, cholinga chabwino zedi. Mu 1993 zinatsimikizika kuti madzi a m'mijigo ina anali ndi aseniki wochokera m'nthaka momwemo. Pofika 2000, kafukufuku wofalitsidwa ndi bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO anati anthu pakati pa 35 miliyoni ndi 77 miliyoni anali pachiopsezo. Aseniki m'madzi alibe fungo, alibe mtundu, samveka pakamwa, ndipo kuwiritsa madzi sikumuchotsa. Amayamba ndi mawanga akuda pakhungu, zikhatho ndi mapazi n'kuuma gwa, patapita zaka n'kubwera khansa ya pakhungu, ya m'chikhodzodzo kapena ya m'mapapo. Anthu anafika popaka penti wofiira pa mijigo yoopsa ndi wobiriwira pa yabwino. Madzi omwewo akathirira mpunga, poizoni amaunjikana m'dothi la m'munda, mpunga n'kumamuyamwa. Muyezo wa WHO ndi mamaikulogalamu 10 pa lita imodzi ya madzi akumwa. Ndi kachinthu kochepa kwambiri, ndipo madzi otsukira dothi amatuluka atadutsa muyezowo kutalitali.

Ngakhale olemera amawagwiritsa njakata. Ku Yellowknife, kumpoto kwa Canada, mgodi wa golide wa Giant unasiya matani 237,000 a fumbi la aseniki pansi pa nthaka. Mgodiwo unatsekedwa mu 2004. Dziko la asayansi onse aja, mayunivesite onse aja, likuchita chiyani? Likuziziritsa miyala yozungulira fumbilo kuti iume ngati ayezi, madzi asalowemo, ndipo ntchito yonse yokonza malowo ikudya madola a dzikolo oposa 4 biliyoni. Kodi a ku Canada sopoyo sanamumve? Si ndi kwawo komweko kumene anamuyesa?

Pali kenanso kakang'ono. Pseudomonas aeruginosa si mwana wofatsa ayi. Ndi kabakiteriya komweko kamene kamavutitsa m'zipatala, kulowa m'mabala a moto ndi m'mapapo a odwala ofooka. N'chifukwa chake kamawetedwa m'mathanki otseka, anthu n'kutengako sopo yekha atamuyeretsa, ndipo mtengo wake umakwera pamenepo. Wina asadzatiuze zokawaza tizilomboti m'dimba.

Mwina mukuti, nanga ife zikutikhudza pati? Zikutikhudza pa dibi. Kwa zaka zambiri m'zaka za m'ma 1900, ng'ombe za m'maiko a kum'mwera kwa Africa zinkasambitsidwa m'mankhwala a aseniki pophera nkhupakupa. Mankhwalawo anasiyidwa, koma dothi silinaiwale. M'boma la Vhembe ku Limpopo, ku South Africa, ofufuza atayeza dothi la pa madibi akale anapeza aseniki wambiri patapita zaka ng'ombe zitasiya kusambira mankhwalawo. Ku New South Wales, m'dziko la Australia, malo a madibi otere oposa 1,600 ali m'kaundula wa boma. Kwathu kuno madibi akale tonse timawadziwa. Simenti inang'aluka, denga linapita kalekale, m'dzenjemo mwadzaza madzi a mvula obiriwira, anyamata oweta mbuzi akukhala pakhoma miyendo ili lendelende, ndipo kumunsi kwake, kumene ankakhuthulira mankhwala akatha mphamvu, wina walimako mpiru ndi tomato poti pamasunga chinyezi.

Chonde akuluakulu a zaulimi, a zaumoyo ndi a zachilengedwe, ndagwira mwendo wanu. Musanapite kumsonkhano wina kunyanja kukaonera zithunzi za thovu pakhoma, tumizani anyamata ndi makasu ndi timatumba akatape dothi pa madibi akale ndi pamalo pamene anthu akukumba golide, poti miyala ya golide nthawi zambiri imayenda ndi aseniki. Yezaninso madzi a m'zitsime zapafupi. Zida zoyezera aseniki m'madzi zimakwana m'chikwama cha m'manja, zotsatira zake n'kutuluka tsiku lomwelo. Pamene papezeke poizoni, amfumu auzidwe pabwalo, malowo atchingidwe ndi waya, dimba lisamuke. Ndipo tsiku limene kampani idzabwere ndi sopo wakeyo, mudzaifunse kaye ikuonetseni thanki yosungira madzi otsukirawo, malo okwirira matope ake, ndi dzina la amene azidzalipira mlonda wa pamalopo kontirakiti ikadzatha.