Tiyeni Tiyese Filimu pa Tchuthi

Masiku ano aliyense amajambula ndi foni. Koma foni ikabedwa kapena kugwera m'nyanja, kawirikawiri zithunzi za ana zimapita nayo. Negetivu yosungidwa pouma ndi pozizira imakhala zaka zambirimbiri, ndipo mutha kutsukitsanso chithunzi china nthawi iliyonse. Choncho ngati muli ndi kamera yakale m'sutikesi, itulutseni muyese filimu imodzi pa tchuthi.

Filimu yabwino kuyambira ndi Kodak Gold 200, ya zithunzi 24 kapena 36. Nambala 200 ikusonyeza kuti ndi yoyenera kunja kowala. Ya 400 imathandiza pamthunzi ndi madzulo. Filimu zamtunduwu zimatsukidwa mwa njira yotchedwa C-41, imene Kodak inayambitsa mu 1972. Musanagule, pezani kaye malo otsukira, chifukwa ambiri anatsekedwa makamera a dijito atabwera.

Kunyanja kuli vuto lake. Madzi ndi mchenga zimabweza kuwala kwambiri, kamera n'kuganiza kuti ponse pawala, ndiye nkhope za anthu zimatuluka zakuda bii. Jambulani m'mawa kapena dzuwa litapendeka, dzuwalo likhale kumbuyo kwanu. Ngati kamera yanu ndi yotchera pamanja, dzuwa likaswa mtengo tcherani f/16 ndi 1/250. Pojambula nkhope tsegulani kufika f/11. Filimu ya negetivu imapirira kuwala kopitirira pang'ono, koma kuwala kukachepa chithunzi chimatuluka chotuwa.

Kutentha ndiye mdani wamkulu. Dzuwa la Okutobala ku Mangochi likhoza kuwononga mitundu ya filimu yosiyidwa m'galimoto kapena pamchenga. Isungeni pamthunzi, kapena m'firiji ili m'kabotolo kake. Mukaitulutsa, dikirani ithe kuzizira musanatsegule kabotoloko, kuopa chinyezi. Musatsegule kumbuyo kwa kamera filimu isanabwezedwe yonse m'chikopa chake, apo ayi zithunzi zimapsa.

Popeza zithunzi n'zowerengeka, gwirizanani pabanja zoti mujambule: agogo ali ndi zidzukulu, ngalawa zikubwera ndi usipa, nyumba ya kumudzi. Pemphani chilolezo musanajambule munthu, makamaka amayi amene akuchapa kapena kusamba kudooko. Zithunzi zikatsukidwa, lembani kumbuyo mayina ndi chaka, ndipo negetivu muisunge m'envulopu kutali ndi chinyontho, kuti adzukulu adzawadziwe makolo awo.