ZA PAKHOMO NDI PAMSEU: Galimoto ya Diso Limodzi

Mwezi uno tikambirane za nyali za galimoto. Ena adzati nkhani imeneyi ndi ya amakanika ndi eni galimoto okha. Koma ife tikuti ndi ya aliyense amene amaponda mseu dzuwa litalowa: mayi wochokera kuchigayo, mnyamata wa kabaza, mwana wotumidwa mchere kugolosale. Galimoto ikazima nyali, amene amavulala kawirikawiri si mwini wake.

M'dzinja lapitali tinali kuchokera kumaliro ku Ntaja, ulendo wa ku Balaka, pa galimoto ya achimwene athu, mphunzitsi wopuma ntchito. Tinanyamuka dzuwa litapendeka, ndipo pamene tinkadutsa Nsanama kunali kutayamba kuda. Nyali ya kumanzere inali itazima kale sabata yathayo, koma achimwene anati ya kumanja ikwanira kufikira alandire penshoni. Tinaoloka Shire pa Liwonde bwinobwino, ndi kusiya mseu wa ku Mangochi kudzanja lamanja. Titangoyenda pang'ono, nyali yotsalayo inaphethira kawiri, nizima. Mdima unagwa ngati munthu watifunditsa bulangete. Achimwene anaponda mabuleki, galimoto niimira m'mbali mwa mseu. Titatuluka ndi kuunika ndi foni, tinaona bambo wina ataima ndi njinga yake yosenza matumba awiri a makala, pamtunda wosapitirira mapazi khumi kuchokera kumaso kwa galimoto. Anangoti, "Mwatsala pang'ono, mabwana," nakankha njinga yake kumapita. Palibe mwa ife amene anapeza choyankha.

Tiwerengere pamodzi. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imayenda mamita 22 pa sekondi imodzi. Woyendetsa akakhala mumdima masekondi atatu okha, wadutsa mamita oposa 60 osaona kanthu. Ndipo mseu wa Liwonde mpaka Balaka usiku sukhala wopanda anthu. Mumayenda njinga zopanda nyali, ngolo, mbuzi ndi anthu a pansi. Galimoto ya diso limodzi ili ndi kuopsa kwakenso: wobwera kutsogolo amayesa njinga yamoto, ndipo saipatsa malo okwanira.

Chimene chinatikhumudwitsa koposa ndi ichi: aka kanali kachitatu m'miyezi inayi kuti mababu a galimotoyo apse. Nthawi iliyonse achimwene ankagula babu lina pamsika, kuliika, ndi kuiwala. Sanafunsepo chifukwa chimene mababuwo ankapsera. Akulu anati safunsa anadya phula.

M'mawa mwake tinaitengera galimoto kwa amakanika ena achikulire a ku Balaka odziwa za magetsi. Iwo sanathamangire kusintha babu. Anayamba aliza injini, naika chipangizo choyezera magetsi pa batire, kenaka anati, "Aphunzitsi, mababu anu alibe mlandu waukulu. Chikuwaotcha ndi alternator." Anatifotokozera kuti batire la galimoto yaing'ono ndi la mavolti 12, ndipo injini ikamalira, alternator imapereka mavolti a pakati pa 13.5 ndi 14.5. Mkati mwake muli kachipangizo koletsa magetsi kupyola muyeso. Kakafa, magetsi amakwera, ndipo kawaya kopyapyala ka m'babu kamatentha koposa mphamvu yake. Opanga mababu eni ake amanena kuti magetsi akapyola muyeso ndi magawo 5 okha pa 100 alionse, moyo wa babu umatsika pafupifupi ndi theka. Ya achimwene inali kupereka mavolti oposa 15.

Amakanikawo anatchulanso zina zimene zimapha nyali, ndipo tizilemba pano kuti zithandize ena. Choyamba, kugwira galasi la babu ndi zala: mafuta a m'manja amatsalira pagalasi, malowo amatentha koposa ena, babu nkufa msanga. Ligwireni ndi kansalu koyera. Chachiwiri, kuika babu la mawati 100 pamene pafunika la 60/55, poganiza kuti muziona patali. Mawaya ndi polumikizira sizinapangidwire moto wotere, ndipo zimasungunuka. Chachitatu, madzi olowa m'nyali yong'aluka. Chachinayi, babu losamangika bwino, limene limagwedezeka m'misewu yathu ya mabampu. Chachisanu, waya wa dzimbiri kapena wolumikizidwa molobodoka. Ndipo choipa koposa zonse ndi kumanga kawaya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya pamalo pa fyuzi imene yapsa. Fyuzi ndi mlonda. Imadzipereka kupsa kuti galimoto yonse isapse. Woichotsa akuitana moto.

Mpaka pano mlandu uli kwa ife eni. Koma si nthawi zonse pamene cholakwa chimakhala cha mwini galimoto kapena cha mseu. Nthawi zina galimoto imatuluka m'fakitale ili ndi chilema kale, ndipo pamenepo woyenera kuyankha ndi amene anaipanga.

Tipereke chitsanzo chimene chikutikhudza. M'mwezi wa December 2010, kampani ya Honda inalengeza kuti ikuitanitsa galimoto za mtundu wa Fit, zimene ku Ulaya zimatchedwa Jazz, zokwana pafupifupi 1.35 miliyoni pa dziko lonse, kuti zikakonzedwe kwaulere. Mwa izo, zoposa 700,000 zinali ku Japan komweko. Vuto linali pa mawaya a swichi yoyatsira nyali: ndi kuyatsayatsa, polumikizira pankaperepeseka ndi kutentha, kufikira nyali zounikira pafupi zitaleka kuyaka. Munthu wa galimoto yotere akanatha kugula mababu khumi osathetsa kanthu, pakuti nthendayo sinali m'babu. Ku America nakonso eni galimoto za Toyota Prius za zaka za 2006 mpaka 2009 anadandaula kuti nyali zawo zinkazima zokha paulendo. Anasonkhana nasumira kampaniyo pamodzi, ndipo mu 2011 inavomera kubwezera ndalama ambiri a iwo amene anakonzetsa ndi za m'thumba mwawo.

Tisaganize kuti makampani anayamba kuchita zimenezi chifukwa cha kukoma mtima. Ku America lamulo lokhudza chitetezo cha galimoto linakhazikitsidwa mu 1966, patapita chaka chimodzi chitulukire buku la loya wina, Ralph Nader, lodzudzula opanga galimoto chifukwa chosasamala miyoyo ya anthu. Ku Japan dongosolo loitanitsa galimoto zachilema linayamba mu 1969. Ngakhale ndi malamulo omwe, ena anayesabe kubisa: mu 2000 kampani ya Mitsubishi Motors inavomera kuti kwa zaka zoposa 20 inkabisira boma madandaulo a makasitomala ake. Choonadi chinatuluka chifukwa madandaulowo analipo, olembedwa. Pakadapanda anthu olemba, sipakadakhala chobisa, ndipo sipakadakhalanso choulula.

Tsono vuto lathu kuno kwathu ndi ili. Galimoto zing'onozing'ono zambiri zimene zikuyenda pakati pa Liwonde, Ulongwe, Ntaja ndi Balaka zinagwirapo kale ntchito ku Japan, nizidzafika kuno kudzera pamadoko monga Dar es Salaam. Kampani ikapeza chilema, imalembera kalata munthu amene dzina lake lili m'kaundula wa ku Japan. Ngati galimoto inakonzedwa isanakwere sitima, zili bwino. Koma ngati inachoka isanakonzedwe, kalatayo siitsata kuoloka nyanja. Mwini watsopano wa ku Machinga sadziwa kanthu; amangoti galimoto yakalamba, kapena amayamba kukayikira anansi ake kuti akumuchita chipongwe. Taonapo abale akudana chifukwa cha waya woperepeseka.

Nanga tichite chiyani? Tikupempha mwini galimoto aliyense achite zinthu zisanu izi.

Choyamba, nyali ikapsa kachiwiri m'kanthawi kochepa, lekani kugula mababu. Pitani kwa wodziwa za magetsi akayeze alternator, aone fyuzi, swichi ndi mawaya.

Chachiwiri, sungani kabuku m'galimoto. Lembani tsiku limene nyali yazima, makilomita amene galimoto yayenda, chimene chasinthidwa, mtengo wake ndi dzina la galaja. Sungani malisiti ndiponso zipangizo zakufazo. Dandaulo la pakamwa limauluka ndi mphepo. Kabuku ndiko mboni yanu.

Chachitatu, pezani nambala ya chassis, imene ili pa kachitsulo ka pathupi la galimoto ndiponso m'mapepala ake. Makampani akuluakulu a ku Japan ali ndi masamba pa intaneti pamene munthu amalembapo nambalayo ndi kuona ngati galimoto yake inaitanitsidwapo. Masamba ambiri otere ali m'Chijapani, koma foni za masiku ano zimamasulira. Apa ndi pamene achinyamata mungathandize makolo anu. Foni imene mumachezerapo usiku wonse ikhoza kupulumutsa moyo wa munthu m'mphindi khumi.

Chachinayi, mukapeza kuti chilemacho ndi cha kufakitale, lemberani kalata woimira kampaniyo m'dziko muno, ndiponso amene anakugulitsani galimoto. Tchulani nambala ya chassis, masiku ndi ndalama zimene mwaononga, ndipo pemphani yankho lolembedwa. Mwina adzakuuzani kuti galimotoyo sinadzere m'manja mwawo. Musakhumudwe ndipo musalalate. Sungani yankholo, pakuti nalonso ndi umboni. Ngakhale atakana kulipira, mwapindula kale, chifukwa tsopano mukudziwa malo enieni amene amakanika ayenera kukonza.

Chachisanu, dziwani kuti wogula ali ndi pothawira. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza ogula la chaka cha 2003, limene limapatsa wogula ufulu wotetezedwa ku katundu woopsa ndiponso wolandira chipukuta misozi akalakwiridwa. Bungwe la boma la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula. Bungwe la Consumers Association of Malawi, limene linayamba mu 1994, limalankhulira ogula, ndipo la Malawi Bureau of Standards, lokhazikitsidwa mu 1972, limaona ngati katundu akufika pa muyeso woyenera. Mukadziwa ena a galimoto za mtundu womwewo amene ali ndi vuto lomwelo, lembani pamodzi. Kalata imodzi ikhoza kugona m'kabati, koma makalata makumi awiri onena chinthu chimodzi ndi ovuta kuwanyalanyaza. Chala chimodzi sichiswa nsabwe.

Ena adzafunsa kuti nkhani ya achimwene inatha bwanji. Galimoto yawo si ya mitundu imene taitchulayi, ndipo mdzukulu wawo atafufuza nambala yake sanapeze kuti inaitanitsidwapo. Wopanga analibe mlandu. Alternator inakonzedwa, ndipo chiyambire nyali sizinazimenso. Koma amakanika anatisonyezanso kuti mababu awiri mwa amene anagulidwa pamsika anali achinyengo: bokosi la dzina lodziwika, m'kati katundu wachabe. Achimwene anabwerera kwa wogulitsa, ndipo iye anangofunsa mwaulemu kuti, "Bambo, lisiti lili kuti?" Analibe. Anabwerako chimanjamanja. Tikuuzani zimenezi kuti mudziwe kuti kufuna chilungamo kumayamba pa tsiku logula, osati pa tsiku la ngozi. Ndiponso kufufuza kuli ndi ubwino wina: kumatiletsa kunamizira wosalakwa.

Pali mawu amodzi amene sitingawasiye. Ngakhale mlandu utakhala wa fakitale ya kutsidya la nyanja, amene wagwira chiwongolero usiku umenewo ndi inu. Lamulo la pamseu limafuna kuti galimoto ikhale ndi nyali zogwira ntchito, ndipo chiphaso cha COF chimangonena za tsiku limene galimoto inayesedwa. Sichiyatsa nyali imene yazima mawa lake. Musananyamuke ulendo wa madzulo, yatsani nyali ndi kuzungulira galimoto, kapena tumani mwana akuonereni kutsogolo ndi kumbuyo. Sungani babu lapadera ndi mafyuzi. Nyali zikazima muli paulendo, gwirani chiwongolero molimba, chepetsani liwiro, yesani nyali zounikira patali, pakuti kawirikawiri zimayakabe pamene zapafupi zafa, yatsani nyali zophethira zochenjeza, ndipo imani kunja kwa mseu. Kugona pa Liwonde ndi kufika m'mawa n'kwabwino koposa kukafika kuchipatala usiku womwewo.

Kwa inu anyamata oyendetsa minibasi, matakisi ndi njinga zamoto, tikudziwa kuti bwana amafuna ndalama yake madzulo alionse, ndipo kukana kuyenda kukhoza kukuchotsetsani ntchito. Komabe muuzeni za nyaliyo lero, pamaso pa mboni, ndipo mawa mumuuzenso. Kwa inu okwera, muli ndi ufulu wokana kukwera galimoto ya diso limodzi. Kwa inu makolo, mangani zonyezimira pa njinga za ana anu, ndipo aphunzitseni kuyenda kudzanja lamanja la mseu, moyang'anana ndi galimoto zobwera, atavala zowala.

Achimwene anazengereza sabata imodzi kudikira penshoni, pofuna kupulumutsa mtengo wa babu limodzi. Bambo wa makala uja sitinamufunse dzina, ndipo sitidziwa mudzi wake. Tingodziwa kuti usiku umenewo anakafika kwa ana ake. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Madzulo ano, musanalowe m'nyumba, kayatseni nyali za galimoto yanu, muone ngati zonse ziwiri zikuyaka.

Tidzachezanso mwezi wamawa.