Edital siitana wa kumudzi: yunivesite idzuke ikafune ana athu



Caka ciliconse mayunivesite amatulutsa ma edital a mestrado ndi doutoramento, n'kulemba kuti khomo ndi lotsegukira aliyense amene ali ndi licenciatura. Ine ndikuti mawu amenewa ndi oona papepala pokha. Edital yoikidwa pa intaneti kapena pakhoma la ofesi ku Maputo siitana munthu wa ku Macanga, ku Chifunde, ku Mecanhelas kapena ku Milange. Imaitana amene ali kale pafupi ndi khomalo. Ngati yunivesite ikufunadi ophunzira ocokera kumene anthu safika m'makalasi apamwambawa, iyenera kupita kukawafuna, kuwakonzekeretsa ndi kuwalipirira.

Taonani zimene edital imapempha. Ikufuna projecto ya kafukufuku yolembedwa m'Cipwitikizi ca m'mabuku. Ikufuna makalata a umboni ocokera kwa aphunzitsi a ku yunivesite amene amakudziwa. Kawirikawiri ikufunanso Cingerezi cokwanira kuwerengera mabuku a akatswiri. Pamwamba pake pali propina ya mwezi ndi mwezi, ndipo makosi ambiri amacitika madzulo, mumzinda, moyenera anthu amene amagwira nchito momwemo masana.

Tsopano taganizirani mphunzitsi wa kumudzi amene anamaliza licenciatura pophunzira patali, uku akuphunzitsa m'mawa ndi masana. Sanakhalepo pansi ndi munthu wa doutoramento kuti akambirane. Palibe anamuonetsa mmene projecto imalembedwera. Kucoka ku Tete kukafika ku Maputo ndi makilomita oposa 1500. Palibe wamukaniza, komabe zopinga zonse zagwera iyeyo.

Kalembera wa 2017 anaonetsa kuti Cipwitikizi ndi cilankhulo coyamba ca anthu pafupifupi 17 pa 100 alionse m'dziko muno, ndipo ambiri a iwo ali m'mizinda. Cinyanja ndi ca anthu pafupifupi 8 pa 100. Conco posankha ophunzira potengera kusalala kwa Cipwitikizi cawo, timayesa nzeru inde, koma timayesanso kumene munthu anabadwira.

Wina anganene kuti kupita kukafuna anthu ndi maloto cabe. Ayi, zinacitikapo, ndipo dziko lathu linali momwemo. Mu 2001 bungwe la Ford Foundation la ku United States linayambitsa International Fellowships Program ndi madola 280 miliyoni. Pofika 2013, anthu oposa 4300 ocokera m'mayiko 22 anali atalandira bolsa ya mestrado kapena doutoramento. Mozambique, South Africa ndi Brazil anali pakati pa mayikowo. Colinga cinali cimodzi: kupeza anthu a m'magulu osiyidwa, monga akumidzi, amayi, olumala ndi a mitundu yocepa.

Cimene ndikufuna tiphunzirepo ndi kacitidwe kake. Coyamba, sanangodikira makalata ku likulu, koma anafalitsa uthenga kudzera m'mabungwe a m'dziko lililonse mpaka kumadera akutali. Caciwiri, osankha anali anthu a m'dziko momwemo, ndipo sankayang'ana manotsi okha. Ankaonanso ngati munthuyo amatsogolera anzake ndi kutumikira dera lake. Cacitatu, munthu akasankhidwa sankaponyedwa m'kalasi tsiku lomwelo. Ankayamba wakonzekeretsedwa kwa miyezi ingapo: cilankhulo, kompyuta, kalembedwe ka kafukufuku, ndi thandizo lopezera yunivesite yomuyenera. Cacinayi, bolsa inkalipira sukulu ndi zofunika pa moyo kufikira zaka zitatu. Zotsatira zake? Oposa 9 mwa 10 alionse anamaliza, pafupifupi theka anali amayi, ndipo ambiri anabwerera kwawo kukagwira nchito. Nzeru zinalipo kale kumudziko. Cinkasowa ndi munthu wopita kukazitenga.

Ku Brazil anadzera njira ina, ya lamulo. Mu 2012 Lei de Cotas inasunga theka la malo a licenciatura m'mayunivesite a boma lalikulu kuti akhale a ana ocokera m'sukulu za boma, ndipo mkati mwake munali gawo la osauka, la anthu akuda ndi la eni nthaka, amene kumeneko amati indígenas. Posakhalitsa anaona kuti anawo akamaliza licenciatura akugundanso khoma lina. Mu 2015 Universidade Federal de Goiás inasunga malo 20 pa 100 m'makosi ake onse a mestrado ndi doutoramento. Mu 2016 unduna wa maphunziro unalamula mayunivesite a boma lalikulu kuti abweretse mapulani olowetsera anthu akuda, eni nthaka ndi olumala m'makosi amenewa. Mu 2020 nduna ina inafafaniza lamulolo ikutuluka pampando, koma patangopita masiku ocepa linabwezedwa. Mu 2023 nkhaniyi inalowa m'lamulo lenileni la dziko.

Komabe mpando wosungidwa sudyetsa munthu. Bolsa ya mestrado ya bungwe la boma la CAPES inaima pa ma real 1500 pamwezi kucokera 2013 mpaka 2023, pamene inakwera kufika 2100. Zaka khumi mitengo ikukwera, bolsa ili pomwepo. Mwana wa wolemera amapirira cifukwa kunyumba kumabwera thandizo. Mwana wa wosauka ndiye amene amayembekezeka kutumiza thandizo kunyumba. Kumulowetsa popanda comudyetsa n'kumuitanira manyazi osiya sukulu panjira.

Ndikudziwa mafunso awiri amene ena mwa inu muli nawo.

Loyamba: kodi izi sizitsitsa mlingo wa maphunziro? Mlingo umayesedwa potuluka. Dissertação ya munthu wa ku Tsangano iweruzidwe ndi júri yomweyo, mwa muyeso womwewo, popanda cifundo. Cimene ndikupempha n'cakuti polowa tisasokoneze nzeru ndi mwayi. Eduardo Mondlane anabadwa mu 1920 ku Manjacaze ndipo anakula akuweta ziweto. A mishoni ya ku Switzerland anamuona n'kumukankhira patsogolo, mpaka anamaliza ku Oberlin College mu 1953 ndi kutenga doutoramento ku Northwestern University mu 1960. Akanadikira kuti uthenga umupeze wokha kubusa, yunivesite yathu yaikulu bwenzi ikuchedwa dzina lina.

Laciwiri: kodi izi sizidzutsa tsankho la mitundu ndi la zigawo? Mantha amenewa ndi omveka, ndipo sindikunena kuti titengere Brazil monga momwe zilili, cifukwa mbiri yawo si yathu. Sitifunika kufunsa munthu mtundu wake. Tingafunse distrito imene anaphunzirako pulayimale ndi sekondale, ngati ali woyamba m'banja mwake kufika ku yunivesite, ngati ndi mayi, ngati ali ndi ulumali. Mafunso amenewa amapeza mwana wosiyidwa wa ku Zumbo ndi wa ku Chicualacuala mofanana. Cimene cimagawa dziko ndi kuona mipando yapamwamba ikuzungulira m'mizinda yomweyomweyo.

Nanga ife a m'kalasi yoyamba ndi yaciwiri zikutikhudza bwanji? Anthu a mestrado ndi doutoramento ndiwo amaphunzitsa aphunzitsi, amalemba mabuku ndi kukonza maphunziro a dziko. Ndiwo anatsogolera misonkhano yogwirizanitsa kalembedwe ka zilankhulo zathu mu 1988, 1999 ndi 2008. Cinyanja cinali cimodzi mwa zilankhulo ziwiri za PEBIMO, pamene kuphunzitsa m'zilankhulo ziwiri kunayesedwa ku Tete ndi ku Gaza kuyambira 1993 mpaka 1997. Ana amene anakhala m'makalasi amenewo lero ndi akuluakulu. Iwo ndi aphunzitsi awo akudziwa zinthu zimene palibe mlendo wobwera ndi kope kwa milungu iwiri angazidziwe. Asamangofunsidwa mafunso ndi ofufuza. Nawonso akhale ofufuza. N'cimodzimodzi pa ulimi, pa zaumoyo ndi pa malamulo a nthaka.

Conco pempho langa ndi ili.

Kwa mayunivesite, makamaka amene ali pafupi nafe monga UniZambeze, UniPúnguè, UniRovuma ndi UniLúrio: tumizani aphunzitsi anu m'madistrito edital isanatuluke. Lengezani pa wailesi za m'madera m'zilankhulo za anthu. Konzani miyezi yophunzitsa kulemba projecto ndi kuwerenga Cingerezi kwa amene akufuna kupikisana. Ikani makalasi ena pa nthawi ya chuthi ca sukulu kuti mphunzitsi wa kutali asataye nchito. Ndipo caka ciliconse tiuzeni poyera kuti olowa acokera m'madistrito ati, amayi ndi angati, omaliza ndi angati. Kwa Instituto de Bolsas de Estudo ndi onse opereka bolsa: muziyamba mwaona amene alibe wina womulipirira.

Kwa ife aphunzitsi: m'mera mpoyamba. Ana ambiri akumudzi sadziwa n'komwe kuti pamwamba pa licenciatura pali makwerero ena. Muuzeni mwana wanzeru uja dzina la makwererowo akadali wamng'ono. Mukaona edital, musangoitumiza pa WhatsApp n'kukhala cete. Muimbireni mnzanu amene mukudziwa kuti angathe, mumuuze kuti iyi ndi yanu, ndipo muwerenge naye projecto yake.

Kwa inu makolo: mwana akanena kuti akufuna kupitiriza, makamaka wamkazi, musathamangire kufunsa kuti nanga banja liti. Mufunseni kuti akufuna kufufuza ciyani, ndipo cidzathandiza ndani.

Kodi kudera kwanu alipo amene anafika ku mestrado? Anamva bwanji za mwayiwo, ndipo anamugwira dzanja ndani? Tiuzeni, kuti ena adziwe poyambira.