Za Pakhonde: Nkhupakupa ya pa Jekete

Sabata ino ndafuna kuti tikambirane za kanthu kakang'ono, kosaposa bokosi la machesi, koma kokhoza kumchotsera ulemu munthu wamkulu wa ndevu zake, ndiponso kumgoneka m'chitokosi.

Mwezi watha kunafika mlendo kunyumba kwanga, ndiye mlamu wanga, mlongo wawo wa mayi a kunyumba, amene agwira ntchito pa mgodi wina kufupi ndi Zvishavane. Mwana wake wamkazi anali pafupi kukwatiwa, ndipo iye anati sangathe kukaima pamaso pa asewere ake ndi jekete lakale. M'mawa anakwera kombi pa msewu wa ku Bulawayo, kunsi kwa phiri la Heroes Acre, nalowa m'tauni, nagula jekete lakuda m'sitolo ina yaikulu, nalipira ndalama zonse pomwepo.

Madzulo titadya nsima anavala jekete lija kuti tilione. Tonse tinaomba m'manja, koma mdzukulu wanga wamng'ono, amene maso ake afika pamene athu safika, anafuula nati, "Agogo a ku mgodi, jekete lanu lili ndi nkhupakupa!" Poyang'ana tinapeza kanthu kotuwa ka pulasitiki katakanirira kumbuyo cha m'munsi, kamsomali kake kataboola nsalu. Ndiko kaja a m'masitolo akatcha tagi, kamene aika pa zovala kuti zisabedwe.

M'nyumba monse munangoti zii. Mayi a kunyumba anayang'ana pansi, kenaka anafunsa ndi mawu apansipansi, "Achimwene, jeketeli mwaligula m'sitolo ndithu?" Abale anga, sindidzaiwala nkhope ya mlamu wanga nthawi imeneyo. Munthu amene watsika pansi zaka zoposa 20, wosatengapo ngakhale msomali wa mwini, lero afunsidwe funso lotere ndi mlongo wake wobadwa naye bere limodzi! Anavula jekete lija naliika pa mpando, osayankha kanthu.

Mnyamata wa nyumba yoyandikana nafe anamva nkhaniyi, nabwera ndi nyundo, nati, "Madala, ndipatseni, ndingomenya kamodzi." Ine ndinamletsa, ndinati, "Iwe mwana, leka, kuona maso a nkhono n'kudekha. Alamu, lisiti lili kuti?" Tinafuna m'matumba onse, osalipeza. Tinafuna m'chikwama, osalipeza. Potsiriza tinatuluka ndi tochi kunka ku bini ya zinyalala, ndipo m'menemo tinalipeza lili m'pepala lija anatengeramo jekete, litathimbirira ndi masamba a tiyi, koma malemba ake akuoneka.

M'mawa mwake tinapita tonse awiri ku sitolo kuja. Titangoponda pakhomo, mizati iwiri ija iima uku ndi uku inayamba kulira ngati belu la ngozi, anthu onse natembenuka, mlonda nagwira mlamu wanga pa mkono. Ine ndinati, "Bambo, pepani, kodi munaonapo mbala yolowa ndi katundu m'sitolo? Ife sitikutuluka, tikulowa." Mlonda anaseka namtaya. Kapitao wa pa sitolo, mayi waulemu ndithu, anawerenga lisiti lija, napepesa kwambiri. Anati dzulo lake magetsi anazima masana, motero mizati inali chigonere, ndipo mtsikana wa pa kauntala sanaione tagi ya kumbuyo chifukwa cha unyinji wa anthu a pa kutha kwa mwezi. Anaikhazika pa kachitsulo kozungulira ka pa kauntala, ndipo chinthu chimene chinatisowetsa tulo chinachoka msanga koposa kuphethira kwa diso.

Tsono ndikuuzeni m'mene kanthu aka kagwirira ntchito, pakuti munthu aopa chimene sachidziwa. Kali ndi mbali ziwiri, kamsomali ndi chigoba. Kamsomali kakalowa m'chigoba kagwidwa ndi timipira tating'ono tachitsulo tokankhidwa ndi sipuling'i, ndipo pamene mukoka, timipirato tigwiritsa koposa. Kachitsulo kaja ka pa kauntala ndi maginito amphamvu okokera timipira pambuyo kuti kamsomali kamasuke.

Za kulira kwa mizati, inu a pansi mudzamva msanga koposa anthu a m'maofesi. Polowa pa malo amene aphulitsa kumene, mumenya thanthwe la pamwamba ndi chitsulo chachitali, ndipo mutchera khutu kuti mumve ngati lili lolimba kapena lofuna kugwa. Mizati ija ichita chimodzimodzi. Itumiza mphamvu yosaoneka ndi maso, nileka, nimvetsera. M'kati mwa matagi ena muli kachitsulo kopyapyala kamene kanjenjemera ka 58,000 pa sekondi imodzi mphamvu ija ikakafika, ndipo kapitirira kunjenjemera pang'ono mzati utaleka. Mzati ukamva kunjenjemerako, ulira. Matagi ena ali ndi waya wopotedwa amene ayankha mafunde onga a wailesi. Aliponso ena opyapyala ngati sitampa, omatidwa m'kati mwa nsapato kapena osokeredwa m'chovala ku fakitale komwe. Amenewa sachotsedwa, angophedwa mphamvu pa kauntala, ndipo akaiwalika adzakuliritsirani mizati ya sitolo ina imene simunagulemo kanthu.

Mtundu woopsa koposa ndiwo wa inki, umene unayamba ku Sweden m'zaka za m'ma 1980. M'kati mwake muli timabotolo tagalasi, ndipo mukaumiriza ndi nyundo kapena mpeni tisweka, inki nifalikira pa nsalu, yosachoka ndi sopo aliyense. Nzeru yake ndi yakuti wakuba asapindule kanthu. Tagi ya pa jekete la mlamu wanga inali ya mitundu iwiri pamodzi, yolira ndi ya inki. Mnyamata uja akadamenya, malipiro a masabata akadathera pa banga limodzi.

Pobwerera m'kombi mlamu wanga anali chikwiyire. Anati, "Alamu, anthu awa atiyesa tonse mbala." Ine sindinavomereze, ndipo chifukwa chake ndi ichi. Bambo anga anachoka ku Dedza nadzagwira ntchito pa mgodi wina wa golide kufupi ndi Kadoma, pamene mzindawo unali kutchedwa Gatooma. Iwo anali kutiuza kuti masiku amenewo wogula sanali kukhudza katundu ayi. Pakati pa iye ndi malaya panali kauntala yaitali, ndipo anali kungoloza ndi chala, wogulitsa natsitsa chimene wafuna yekha kutsitsa. M'masitolo a pa komboni munalinso mwambo wa bokosi: munthu anali kugula bokosi pa ngongole, bokosilo nilikhala m'sitolo momwemo, ndipo bulangete, chipewa kapena suti imene wasankha inali kuikidwa m'menemo kufikira atatsiriza kulipira. Ambiri anachedwa kubwerera kwawo chifukwa cha bokosi limeneli. M'matauni munali zoipa koposa, pakuti m'masitolo ambiri a Azungu munthu wakuda sanali kulowa pakhomo, anali kugulira pa kawindo ka m'mbali. Ku Lusaka, m'zaka za m'ma 1950, a African National Congress motsogozedwa ndi Harry Nkumbula anauza anthu kuti aleke kugula m'mabutchala ndi m'masitolo otere, kufuna kuti mwambowo uthe.

Sitolo yakuti munthu adzitengere yekha katundu inatchuka ku America, kumene Clarence Saunders anatsegula Piggly Wiggly mu mzinda wa Memphis mu 1916. Mwambowo unafalikira m'maiko ambiri, ndipo kauntala itachoka pakati, eni masitolo anasowa chotchinjiriza katundu wawo. M'zaka za m'ma 1960 anthu awiri a ku America anapeza njira. Arthur Minasy wa ku New York anayambitsa kampani ya Knogo mu 1966, ndipo Ronald Assaf, amene anali kuyang'anira sitolo ya zakudya ku Akron ndipo anatopa ndi kuthamangitsa akuba, anayambitsa ina yotchedwa Sensormatic. Motero ine nditi tagi ndiyo kauntala ija ya bambo anga, yachepa chabe nikakamira pa nsalu. Chifukwa cha iyo, lero mulowa pakhomo, mukhudza nsalu, muyesa jekete pa galasi, osafunsa chilolezo kwa munthu.

Ndipo taonani chinthu china. Diso la mlonda likhoza kusankha, likhoza kutsata munthu chifukwa cha nsapato zafumbi kapena chilankhulo cha kwina. Koma mzati ulibe diso. Ulira kwa bwana, ulira kwa mbusa, ulira kwa nduna ya boma. Ubwino wake ndi umenewo, ndipo kuipa kwake ndi komweko, pakuti sudziwa kusiyanitsa wakuba ndi munthu amene waiwaliridwa tagi. Nkhupakupa sifunsa mwini galu. Chokulankhulirani pa nthawi yotere ndi chimodzi chokha, ndicho kapepala kaja ambiri a ife titaya tisanafike ndi pa siteshoni pomwe.

Ilipo mbali ina imene ndiyenera kuinena poyera. Tsiku la malipiro pa chipata cha komboni, kapena Loweruka madzulo pamene anthu aotcha nyama kwa Mereki kuno kwathu, nthawi zina afika mnyamata ndi chikwama, nakunong'onezani kuti ali ndi buluku latsopano pa theka la mtengo. Sindinena za kaunjika ayi. Amayi a ku Mupedzanhamo ku Mbare agulitsa zovala zakale poyera, dzuwa likuwala. Ndinena za chovala chatsopano chogulitsidwa mobisa. Chiyang'aneni bwino. Mukaona tagi ikali pomwepo, kapena kabowo kong'ambika m'mbali mwa msoko, kapena kabanga ka inki kobisidwa m'kati, dziwani kumene chachokera. Ku Zimbabwe lamulo la milandu, Criminal Law (Codification and Reform) Act, pa ndime 124 ndi 125, lilanga wolandira katundu wobedwa ndi wopezeka ndi katundu woganiziridwa kuti ngobedwa. Ku South Africa ndime 36 ndi 37 za General Law Amendment Act ya 1955 zinena zofanana. Mnyamata uja adzakhala atathawa, ndipo wotsala ndi buluku ndinu. Kwa munthu wa kwina mlandu wotere suthera pa faindi. Ukhoza kutenga ntchito, ndi chilolezo chokhalira m'dziko, ndi sukulu ya ana kumudzi. Nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu.

Tsono mverani malangizo anga, ndipo muwauzenso anzanu osadziwa kuwerenga.

Choyamba, musachoke pa kauntala musanatembenuze chovala kunja ndi m'kati. Yang'anani m'khosi, m'khwapa, m'chiuno ndi m'munsi, pakuti china chikhala ndi matagi awiri.

Chachiwiri, lisiti liikeni pamodzi ndi chitupa chanu, osati m'pepala la katundu. Malisiti a masiku ano afufutika msanga ndi dzuwa ndi thukuta, motero lijambuleni ndi foni tsiku lomwelo. Lidzakuthandizaninso pa chipata cha Beitbridge, Nyamapanda kapena Mwanza akakufunsani mtengo wa katundu.

Chachitatu, mizati ikalira musathawe, ndipo musakweze mawu. Imani pomwepo, tulutsani lisiti, pemphani kuti aitane kapitao. Wothawa ayesedwa wakuba ngakhale alibe mlandu.

Chachinayi, musanatumize katundu kumudzi, mumasule ndi kuona chimodzichimodzi. Taganizani diresi la amayi anu litafika ku Ntcheu kapena ku Chadiza ndi nkhupakupa yake, sitolo imene munaligula ili kutali masiku awiri pa basi. Adzalimenya ndi mwala, inki nitayika, ndipo a pamudzi adzanong'onezana kuti mwana wa uje atumiza zakuba.

Chachisanu, mukapeza tagi kunyumba musaiumirize. Bwererani nayo ku sitolo yomweyo ndi lisiti lanu, ndipo pofika muuze mlonda musanaponde pakati pa mizati, kuti zisakuonekereni zimene zinatiwonekera ife.

Ukwati unachitika Loweruka lapitali. Mlamu wanga anaima pamaso pa asewere ake ndi jekete lakuda lopanda banga, ndipo mlongo wake, amene anampepesa kale ndi tambala wathunthu, ndiye analulutira koposa onse. Pamene tinali kudya anandikodola, natsegula chikwama chake cha ndalama, nandionetsa lisiti lija lothimbirira ndi tiyi, lopindidwa bwino kumbuyo kwa chitupa. Anati, "Alamu, ili ndidzapita nalo kumanda."

Gwirani ntchito mosamala, kumbukirani a kumudzi, ndipo tsalani bwino kufikira sabata ya mawa.

Ndine wanu,
MADALA WA PAKHONDE