Makalata Athu Amayenda M'njira ya Yani?

Mwezi uno tiyeni tilingalire za njira zimene mauthenga athu amayendamo.

Kale, abale athu ali ku migodi ya ku Joni, kalata yolembedwa kuno ku Magaleta inali kufika m'manja mwa mwini wake, ngakhale kuti positi ya kuno ndi ya South Africa zinali za maboma aŵiri osiyana. Chimene chinali kuthandiza ndi pangano limene maiko anayamba ku Bern m'chaka cha 1874, lakuti positi iliyonse izilandira ndi kupereka makalata ochokera kwa inzake. Imelo imayenda motero, SMS nayonso: wa TNM amalembera wa Airtel popanda chovuta.

WhatsApp siili choncho ai. Iyo ndi nyumba ya mwini mmodzi, kampani ya Meta, imene inaigula m'chaka cha 2014 isanasinthe dzina lake lakale la Facebook. Wofuna kulankhula ndi mbale wake wa m'nyumbamo ayenera kuloŵamo nayenso. Tisainamizire: njosavuta, agogo amatumiza mawu osagwira cholembera, ndipo kuyambira 2016 mauthenga ake amatsekedwa kotero kuti ngakhale eni kampaniyo sangawaŵerenge, chinthu chimene SMS ilibe.

Koma khomo likakhala limodzi, silivuta kutseka. Pa 4 Okutobala 2021 makina a kampaniyo anaima kwa maola pafupifupi 6, ndipo m'maiko onse munangoti zii. Pa 12 Ogasiti chaka chomwecho, tsiku la chisankho, anansi athu a ku Zambia anatsekeredwa WhatsApp. Mxit, imene achinyamata a ku South Africa anali kuikonda kwambiri, inatsekedwa mu 2016, magulu awo nathera pomwepo.

Njira zoyendera pangano zilipo, monga XMPP ndi Matrix, m'mene bungwe lililonse, ngakhale Sinodi, lingathe kukhala ndi positi yakeyake nkumalemberana ndi ena. Zimafuna munthu waluso ndi ndalama zozisamalira, ndiponso abale athu ambiri kulibeko. Sindinganene kuti mpingo wakumudzi usamukireko maŵa.

Pempho langa kwa alembi a mipingo, a Mvano ndi a achinyamata ndi ili: manambala a lamya a Akhristu alembedwenso m'buku, ndipo uthenga wa maliro kapena wa Mgonero upite pa SMS ndi kulengezedwa m'tchalitchi, osati m'gulu la WhatsApp mokha. Alipo amayi amasiye amene lamya zawo siziloŵa intaneti, ndipo amamva za msonkhano anzawo atabwerako kale.